Za Kuledzera ndi Kuononga Zinthu za Onse

Mau olankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka, m'dziko la Mfumu Chitukula



Nkhani imene yaikidwa pamaso pa msonkhano uno ndi ya mowa, makamaka ya zimene zitsata pambuyo pa mowa: ndeu, kutukwana pa njira, kuswa mazenera a sukulu, kuba zitsulo za mjigo, ndi kutentha nyumba kapena chigafa cha fodya cha mnansi. Ndi midzi yowerengeka yokha m'dziko la a Chitukula, kwa a Kabudula ndi kwa a Kalolo, imene siinamvepo mlandu wotere pa bwalo. Zambiri mwa zinthu zimene ziri kuonongekazi ndi zomwe mudzi wonse udaumbira njerwa, kututira mchenga ndi kusonkhera ndalama. Chifukwa chake nkhaniyi iri ya mafumu, mipingo ndi makolo, monga momwe iriri ya apolisi.

Mowa wa makolo ndi mowa wa malonda

Poyamba nkoyenera kusiyanitsa bwino. Achewa sadayambe lero kufulula mowa. Makolo anali ndi mowa wa dima, umene mwini munda ankafulula kuti anansi adzamthandize kulima. Anali ndi mowa wa maliro, wa chinamwali, ndi wa nsembe pa nthawi ya chilala. Koma mowa uli wonse unali ndi mwini wake, tsiku lake ndi chifukwa chake. Unkafululidwa ndi chimera, unkatenga masiku angapo kuti upse, ndipo ukatha m'mbiya anthu ankadikira nyengo ina. Chipanda chinkayambira kwa akulu, ndipo mnyamata wosakwatira sankakhala pa bwalo la mowa pamodzi ndi atate ake kapena atsibweni ake. Woyambitsa ndeu pa mowa ankalipa. Kotero mwambo womwewo umene unkapatsa munthu chikho ndiwo unkamletsanso kupyola muyeso.

Chimene chidasintha zinthu ndicho ndalama. M'chaka cha 1920 A. F. Barron ndi mnzake Wallace adayamba ulimi wa fodya ku Mbabzi, nagawira mbeu alimi a m'midzi yozungulira. Pofika 1926, pamene Boma lidakhazikitsa Native Tobacco Board, chigwa cha Lilongwe chinali chitadzala ndi alimi a fodya wa chikopa. Amuna ena ankabwera kuchokera ku Halale ndi ku Joni ali ndi ndalama m'thumba. Pamenepo mowa udasanduka malonda, ndipo kachasu, amene dzina lake lidachokera kwa Apwitikizi, adafalikira m'midzi, pakuti sasasa msanga monga masese ndipo botolo lake libisika mosabvuta. Mowa wogula sufunsa msinkhu wa munthu kapena chifukwa chomwera. Ufunsa ndalama yokha.

Central Province Native Association, imene idayamba ku Lilongwe m'chaka cha 1927 motsogozedwa ndi George Simeon Mwase, idalimbana kwambiri ndi Boma pa za mtengo wa fodya. Nkhondo imeneyo inali yoyenera. Koma funso lina lidatsala, ndipo liripobe: ndalama ya fodya ikafika m'manja mwa mlimi, ipita kuti? Kuyambira 1990, pamene alimi ang'ono adaloledwa kulima fodya wa bale, nyengo ya msika wa ku Kanengo ndiyo nyengo imene malo omwera mowa adzala, pamene amai ndi ana amene adasoka fodyayo ali kudikira ku mudzi.

Zimene malamulo adayesa

Maboma adayesa njira zambiri. Pangano la ku Brussels la 1890 lidaletsa kugulitsa mowa waukali wa Azungu kwa eni dziko m'mbali yaikulu ya Africa, ndipo m'nthawi ya Nyasaland kutcheza kachasu kunali mlandu. Lamulo la 1933 lidapatsa mafumu akulu mphamvu yoika malamulo m'maiko ao ndi kuweruza m'mabwalo ao, ndipo ndalama za ziphaso za mowa zinkalowa m'thumba la mfumu. Pa njala ya 1949 Boma lidaletsa kufulula mowa pofuna kusunga chimanga. Chiletsocho chidapweteka kopambana amai a ku Blantyre amene ankadyetsa ana ao ndi malonda a mowa. Mpingo wa ku Nkhoma nawo udaika lamulo lolimba loti Mkristu asamwe kapena kufulula, ndipo lamulolo lidasunga mabanja ambiri, ngakhale kuti silidakhudze amene anali kunja kwa mpingo.

Dziko litalandira ufulu, Nyumba ya Malamulo idapanga lamulo la mowa la 1979, limene lifuna kuti wogulitsa akhale ndi chiphaso, atsate nthawi yotsegulira ndi yotsekera, ndipo asagulitse kwa mwana wosakwana zaka 18. Lamulo limeneli liripo kufikira lero. Komatu ali yense wokhala ku mudzi adziwa kuti kachasu sadathe ndi chiletso cha Azungu, ndiponso kuti mwana wotumidwa ndi botolo sabwezedwa kawirikawiri. Phunziro lake nlakuti lamulo lochokera kumwamba, limene mudzi sunalibvomereze kukhala lake, lingosamutsa mowa kuchoka pa bwalo kunka kuseri kwa nyumba.

Masacheti ndi zotsatira zake

Chitapita chaka cha 2000 kudabwera bvuto latsopano, ndilo mowa waukali wa m'timapepala ta pulasitiki, timene anthu adatitcha masacheti. Mphamvu yake inali pafupi ndi magawo 40 pa 100, kuposa masese kangapo konse. Mtengo wake unali wochepa kotero kuti mwana wa sukulu ankakhoza kugula ndi ndalama ya mandasi. Ndipo kapepalako kankalowa m'thumba la kabudula osaoneka. Dziko la Zambia lidaletsa timapepala totere, timene kumeneko amati tujilijili, m'chaka cha 2012. Boma la Malawi lidaletsa masacheti m'chaka cha 2015, ndipo opanga ake adathamangira ku makhoti kukatsutsa chiletsocho. Tanzania idatsatira m'chaka cha 2017.

M'chaka chomwecho cha 2017 Boma lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yokhudza mowa. Nchito yoikonza idatenga zaka zambiri, ndipo mabungwe onga Drug Fight Malawi, motsogozedwa ndi a Nelson Zakeyu ndi mothandizidwa ndi bungwe la FORUT la ku Norway, adalimbikira kuti ndondomekoyo ilembedwe poyang'ana umoyo wa anthu koposa phindu la ogulitsa. Koma mowa umene udachoka m'timapepala udalowa m'timabotolo ndi m'zigubu, ndipo uli kugulitsidwa pang'ono pang'ono pa mtengo wotsika womwewo. Ena aonjezamo mankhwala osadziwika kuti ukalipe. M'chaka cha 2024 anthu angapo adamwalira ku Blantyre atamwa mowa wotchedwa Ambuye Ntengeni, dzina limene lokha likadayenera kuchenjeza.

Pali chiwerengero chimodzi chimene msonkhano uno uyenera kuchisunga. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita pamodzi ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009, pakati pa anthu a zaka 25 kufikira 64, adapeza kuti amuna 30 mwa 100 ndi akazi 4 mwa 100 ndiwo adamwa mowa m'mwezi umene adafunsidwawo, ndipo mwamuna mmodzi mwa 5 ankamwa mopyola muyeso pa nthawi imodzi. Tanthauzo lake nlakuti osamwa ndiwo ochuluka. Mudzi umene uti walephera chifukwa onse ali kumwa uli kudzinamiza. Ochuluka angokhala chete pamene ochepa ali kuononga. Ndipo bvutoli siliri la Malawi yekha, pakuti WHO idawerenga kuti anthu 2.6 miliyoni adafa pa dziko lonse m'chaka cha 2019 chifukwa cha mowa.

Chioonongeka nchiani, ndipo alipira ndani

Akulu adati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Chitsanzo choyamba ndi mjigo. Yambiri mwa misewu ya m'midzi ndi mijigo yoyamba ya kumadzulo kwa Lilongwe idabwera ndi Lilongwe Land Development Programme, imene idayamba m'chaka cha 1968 ndi ngongole ya World Bank. Monga mwa muyeso wa Boma, mjigo umodzi uyenera kumwetsa anthu 250. Tsono mnyamata akazula zitsulo zake usiku, nakazigulitsa kuti apeze ya botolo, anthu 250 abwerera ku zitsime za ku dambo. Amene adaona kolera wa 2022 ndi 2023, amene adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndi kukantha boma la Lilongwe koposa, adziwa mtengo wake wa madzi a ku dambo.

Chachiwiri ndi sukulu. Kuyambira 1994, pamene maphunziro a pulaimale adakhala aulere, ana adachuluka koposa zipinda, ndipo makolo ndiwo akhala akuumba njerwa. Chitseko chothyoledwa, desiki lotenthedwa ndi malata okanganulidwa sizibwezedwa chaka chomwecho. Aphunzitsi nawo sakhalitsa pa malo pamene agendedwa miyala usiku. Chachitatu ndi magetsi: thiransifoma ya ESCOM ikaonongedwa, chigayo chiima, ndipo chipatala chaching'ono chisowa pozizira posungira katemera. Nkoona kuti si kuba konse kumene kuchokera ku mowa, pakuti alipo akuba enieni ndi ogula zitsulo amene awatuma. Koma ludzu la mowa ndilo lipereka manja otsika mtengo kwa anthu amenewa.

Chachinai, chimene chiposa zonse, ndi nyumba. Mabala a chikwanje ndi a botolo amene afika ku chipatala cha Kabudula, kapena ku St Gabriel's ku Namitete, chimene chakhala chikutumikira anthu kuyambira 1959, ndiwo ooneka okha. Mbale zosweka, feteleza wogulitsidwa asanathiridwe, ndi ana ogona ku tchire pothawa atate ao, siziwerengedwa m'buku liri lonse. Pa msewu wa ku Mchinji ndi wa ku Nsaru, wa kabaza woledzera saika moyo wake wokha pa ngozi, koma ndi wa mai wapakati amene wamnyamula. Malamulo a dziko sali chete pa zimenezi: ndime 344 ya malamulo a milandu ilanga woononga katundu mwadala, ndime 337 ilanga wotentha nyumba, ndipo lamulo la 2006 liteteza ozunzidwa m'banja. Koma khoti lilanga zinthu zitaonongeka kale, ndipo madzi akatayika saoleka.

Zimene midzi iri kuchita

Mkati mwa zonsezi anthu sadangopinda manja. Kuyambira 1997 apolisi adayamba kugwira nchito pamodzi ndi anthu a m'midzi, ndipo lamulo la apolisi la 2010 lidalimbitsa njira imeneyi. Pali makomiti a chitetezo pa mudzi, kwa a gulupu ndi kwa mfumu yaikulu. Amuna a m'makomitiwa ayenda usiku wopanda malipiro, ndipo kumene ali amphamvu mjigo ugona mwamtendere.

Mafumu ambiri m'dziko muno aika malamulo a m'midzi yao: kuti mowa usagulitsidwe m'mawa pamene anthu ayenera kukhala ku munda; kuti malo omwera atsekedwe pa nthawi yodziwika usiku; kuti pasakhale mowa wa malonda pa maliro kapena pafupi ndi sukulu; kuti wogulitsa kwa mwana alipe nkhuku kapena mbuzi. Eni mizinda nawo adzudzula anyamata amene abvala zonga za Gule Wamkulu ataledzera, nathamangitsa ana a sukulu ndi kulanda katundu pa njira. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamlemekeza m'chaka cha 2005 monga chuma cha anthu a dziko lonse, ali ndi nthawi yake ndi eni ake. Woledzera wobisala m'menemo anyoza mwambo asananyoze Boma, ndipo oyenera kumgwira poyamba ndi akulu a ku dambwe.

Mipingo iri ndi zida zake. Amai a Chigwirizano, amene adayamba mu Sinodi ya Nkhoma m'chaka cha 1940, ndi miphakati ya Akatolika, imene Episkopi Patrick Kalilombe adailimbikitsa mu dayosizi ya Lilongwe pakati pa 1973 ndi 1975, afika m'nyumba zimene wapolisi safikamo. Magulu a amai oyang'anira ana a sukulu alondola mwana amene wayamba kujomba. Banki m'khonde yathandiza mabanja kusunga ndalama ya fodya pamalo pamene mwamuna sangaitenge usiku umodzi. Ndipo kwa munthu amene mowa wamgwira kotero kuti sangaleke yekha, thandizo liripo kwa a St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndi ku chipatala cha Boma cha ku Zomba. Pakuti uchidakwa ukakula ndi matenda, ndipo manyazi okha saachiza.

Zopinga zitatu

Nchito imeneyi iri ndi zopinga zimene siziyenera kubisidwa. Choyamba ndi njala ya wofulula. Ambiri mwa otcheza kachasu ndi amai amasiye kapena osiyidwa, amene alipira sukulu ya ana ndi madeya ndi shuga. Kuswa mtsuko wa mai wotere ndi kumsiya chimanjamanja ndiko kubwereza cholakwa cha 1949, ndipo mawa lake adzatcheza ku dimba. Mudzi umene ufuna kuti aleke uyenera kumtsegulira khomo lina: malo mu banki m'khonde, mbuzi yobwereketsana, kapena dzina lake m'kaundula wa Mtukula Pakhomo, umene udayamba ku Mchinji m'chaka cha 2006, ngati ali woyenera. Kufikira pamenepo, afunsidwe zinthu zimene angathe: kusagulitsa kwa ana, kusalandira feteleza kapena ziwiya za m'nyumba monga malipiro, ndi kusaonjezamo mankhwala.

Chachiwiri ndi mkwiyo wa mudzi. Anthu akatopa ndi kuberedwa, nkwapafupi kuti amenye wogwidwayo kapena kutentha nyumba ya kwao. Kumeneko ndi kuononga komweko kumene mudzi uli kudana nako, ndipo kawirikawiri ochita zimenezi adzera ku mowa poyamba. Wa komiti ya chitetezo agwira ndi kupereka kwa apolisi; saweruza ndipo salanga. Sayeneranso kugwira munthu chifukwa chongoyenda usiku, pakuti Bwalo Lalikulu la milandu lidagamula m'chaka cha 2017 kuti ndime imene apolisi ankamangira anthu pa mlandu wa kuyendayenda inali yosemphana ndi malamulo akulu a dziko.

Chachitatu, chimene chiri chobvuta kuchinena pamaso pa akulu, ndi chitsanzo cha atsogoleri. Nyakwawa imene iweruza mlandu wa kuledzera m'mawa, nikamwera mbuzi ya chindapusa madzulo kwa wogulitsa yemweyo, yafafaniza lamulo lake lomwe. Momwemonso mphunzitsi wolowa m'kalasi akununkha kachasu, ndi mkulu wa mpingo womwera kutali ndi kwao. Anyamata aona zonsezi, ndipo satsata mau koma mapazi.

Zimene msonkhano upemphedwa kulingalira

Choyamba, malamulo a mowa a m'midzi alembedwe, awerengedwe pa bwalo pamaso pa onse, ofulula ndi anyamata omwe, ndipo akhale ofanana m'midzi yoyandikana, kuti woletsedwa pano asangooloka mtsinje. Atatero aperekedwe ku komiti ya chitukuko ya dera ndi ku Khonsolo ya Lilongwe, imene lamulo la maboma ang'ono la 1998 lidaipatsa mphamvu yopanga malamulo a m'boma lake.

Chachiwiri, chindapusa chiri chonse chilembedwe m'buku, ndipo chipite kukakonza chinthu chimene chaonongeka. Woswa zenera la sukulu abwezere zenera ndi manja ake, anzake akuona.

Chachitatu, makomiti a mijigo ndi a sukulu alembe katundu wao ndi kuika chizindikiro pa zitsulo ndi madesiki, ndipo ogula zitsulo zakale pa malo a malonda onga Nsaru, Namitete, Mpingu ndi Nambuma adziwike kwa mfumu ndi kwa apolisi. Pakuti wakuba saba chimene alibe kokagulitsa.

Chachinai, nyengo ya fodya isanafike, mabanja alimbikitsidwe kukhala pansi, mwamuna ndi mkazi, kugawiratu ndalama ya feteleza, ya sukulu ndi ya chakudya, isanatapidwe ku banki.

Chachisanu, anyamata apatsidwe malo m'makomiti ndi nchito yooneka. M'mera mpoyamba: mnyamata amene waikidwa kukhala mlonda wa mjigo kapena woyang'anira mpira wa pa mudzi sakhala woyamba kuononga. Amene ali ndi mutu wa nchito ya manja athandizidwe kufunsira malo ku sukulu ya luso ya ku Namitete.

Chachisanu ndi chimodzi, mudzi uli wonse ubweretse ku msonkhano wa chaka cha mawa chiwerengero chake cha milandu ya mowa, cha zinthu zoonongeka ndi cha zimene zidabwezedwa, kuti bungwe lidzayese nchito yake ndi zooneka.

Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chifuna ndalama yochokera kunja kapena lamulo latsopano la ku Nyumba ya Malamulo. Zifuna kuti mfumu, mbusa, mphunzitsi ndi mai wofulula akhale pa mphasa imodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mafumu ndi nthumwi zonse apemphedwa kunyamula mfundo zisanu ndi imodzizi kunka nazo ku mabwalo ao mvula isanagwe, ndi kudzanena pa msonkhano wotsatira zimene anthu ao abvomereza ndi zimene akana.